Gogo asasiye mankhwala a BP



Poyendera odwala m'miphakati yathu ndakumana ndi agogo angapo amene anasiya mankhwala a BP. Wina akuti anamupempherera, wachira. Wina akuti anamva pa chigayo kuti mapilitsiwa amaononga impso. Ine ndimakhulupirira mphamvu ya pemphero, koma mawu awiri onsewa akundidetsa nkhawa.

Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiphunzitsa kulemekeza dokotala ndi kusanyoza mankhwala, poti nawonso ndi mphatso ya Mulungu. Mutu womwewo umalamula wodwala kupemphera, ndipo sunena kuti asankhepo chimodzi. Mpingo umene umatipatsa masakramenti ndi womwewo unamanga chipatala cha Mlambe ku Lunzu.

Za impsozi tiyeni timvetsetsane. Impso zimasefa magazi kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono. BP ikakhala yokwera zaka zambiri timitsemphati timaonongeka, munthu osamva kuwawa kulikonse. Choncho chimene chimapha impso kawirikawiri ndi BP yosasamalidwa. Zikafa, chotsala ndi makina osefa magazi ku Gulupu, kangapo pa sabata. Lingalirani ndalama ya minibasi kuchokera ku Lirangwe.

Komabe a pa chigayo aja sananame kwathunthu. Impso za nkhalamba zimafooka ndi zaka. Gogo amene akumwa enalapril kapena HCTZ, ndiye n'kumaonjezera bufeni kapena indosidi wogula pa okala chifukwa cha msana ndi mawondo, akuika impso zake pa chiswe. Ngozi imakula akatsegula m'mimba, akamasanza, kapena akatha tsiku ku munda padzuwa la ku Chileka osamwa madzi. Zikatero pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, mutanyamula mapepala onse a mankhwala amene akumwa, ngakhale azitsamba. Adokotala ndiwo anene choyamba waimitsa ndi chopitiriza.

Ana ndi adzukulu, lamulo lachinayi silithera pa kugula shuga pa Khirisimasi. Kodi mukudziwa dzina la mankhwala amene mayi anu akumwa? Munatsegulapo buku lawo la kuchipatala kuona tsiku lobwererako? Mchere m'ndiwo amathira ndi inu, chepetsani. Ndipo mukawaperekeza ku Lirangwe, ku Chileka kapena ku Mlambe, funsani mwaulemu kuti impso zawo anaziyeza liti, m'magazi ndi mumkodzo.

Atsogoleri a miphakati, sabata ino lembani mayina a agogo amene alibe owaperekeza ku chipatala. Mundipatse Lamulungu likudzali Misa ikatha, tigawane.