KODI KHANDA LA MAI WAKUMWA LILEREDWE KUTI?

Mwezi wathawu akulu a mpingo wina kuno ku Ncheu anakhalira pansi mlandu wobvuta, ndipo ine ndinali pomwepo. Mai wina wophika kacasu, amenenso amamwa kwambiri, anabala mwana wocepa thupi, woyamwa mofoka, wolira usiku wonse ndi kunjenjemera. Mwamuna wace anapita ku Joni kale, ndipo satumiza kanthu. Akulu ena anati, Timtenge mwanayo, timpereke ku nyumba yolerera makanda asanafe. Ena anati, Iai, mwana ndi wa amace, ife tisalowerepo. Dzuwa linapendeka asanamvane. Tsono ndiika funsoli pamaso panu, abale, pakuti mlandu wotere ukhoza kugwa m'mudzi uli wonse.

Tiyambe ndi cimene cidziwika. Mowa umene mai wapakati amwa ulowa m'mwazi mwace, nufika kwa mwana podzera mu mcombo; ndipo ciwindi ca mwanayo sicinakhwime kuti ciucotse msanga. M'caka ca 1968 dotolo wina wa ku Nantes, m'dziko la France, dzina lace Paul Lemoine, analemba za ana 127 obadwa kwa makolo akumwa. Ndipo m'caka ca 1973 madotolo awiri a ku Seattle, ku America, Kenneth Jones ndi David Smith, anaipatsa dzina nthendayi. Ana otere abadwa opepuka, ena a mutu waung'ono ndi mlomo wam'mwamba wopyapyala. Akakula abvutika kukumbuka ndi kukhala cete. Ubongo ukaonongeka motero palibe mankhwala ouciza. Palibenso muyeso wa mowa umene madotolo auyesa wabwino kwa mai wapakati, kaya ndi kacasu, kaya ndi masese. Tikumbuke kuti amace a Samsoni analetsedwa vinyo ali ndi pakati.

Ine ndemwe ndiri ndi manyazi pa nkhaniyi. Zaka zapitazo ndinali ndi mnyamata m'kalasi amene anadziwa masamu lero, mawa n'kuiwala zonse. Ndinamuyesa waulesi, ndipo ndinamlanga kawirikawiri. Pambuyo pace ndinamva za amace, ndipo ndinadzifunsa ngati sindinalange mwana cifukwa ca bala limene analandira asanaone dzuwa.

Amene anati mwana acotsedwe sanalankhule mwankhanza. Mai woledzera akhoza kugonera khanda usiku, kuiwala kuliyamwitsa, kapena kulisiya pafupi ndi moto. Moyo wa mwana uposa manyazi a banja. Ndipo nyumba zolerera makanda zapulumutsa ambiri. Ina yodziwika ndiyo Open Arms ya ku Blantyre, imene inayamba m'caka ca 1995, nicita khama kubwezera ana kwa abale ao akakula pang'ono.

Koma nyumba yotere iri nazo zoopsa zacezace. Ku Romania kunali nyumba zazikuru zodzala ndi ana, alezi ali owerengeka. Kuyambira caka ca 2000 akatswiri anatsata ana 136 a m'nyumbazo mumzinda wa Bucharest. Ena anaperekedwa ku mabanja, ena anatsala. Amene analowa m'mabanja, makamaka asanakwane zaka 2, anaposa anzao otsala aja pa nzeru ndi pa kukondana ndi anthu. Khanda silikula ndi mkaka wokha. Lifuna nkhope imodzi imene liizolowera, ndi msana umodzi umene liudziwa. M'mera mpoyamba. Potero m'caka ca 2009 bungwe la United Nations linalangiza maiko kuti ana osakwana zaka 3 azileredwa m'banja, ndi kuti umphawi wokha usakhale cifukwa colandira mwana kwa makolo ace. Ndipo kuno ku Malawi lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana liti mwana wocotsedwa kwao cifukwa ca ngozi, nkhani yace ifike msanga ku bwalo loweruza za ana. Akulu a mpingo, ngakhale ali ndi mtima wabwino, sangautsirize okha mlanduwo. Ayenera kuitana wa Boma woona za umoyo wa mabanja.

Nanga pamene palibe njira ina, ndipo khanda liyenera kupita ku nyumba yotere, tiiyese ndi muyeso wanji? Tisayang'ane malata ndi utoto wa pakhoma. Coyamba, ikhale yolembedwa ku Boma, yolola kuyenderedwa. Caciwiri, mlezi mmodzi akhale ndi makanda ocepa, ndipo akhale yemweyo tsiku ndi tsiku, osasinthasintha. Cacitatu, adziwe kuti khanda la mai wakumwa lidzidzimuka msanga ndi phokoso ndi kuwala. Lifuna cipinda ca bata, kufundidwa bwino, kufukatidwa pacifuwa, ndi kudyetsedwa pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Alikweze pa sikelo nthawi zace, alembe kulemera kwace, alipereke ku katemera. Cacinai, khomo likhale lotsegukira amace, agogo ace ndi atsibweni ace, kuti adzilinyamula ndi kuphunzira kulisamala. Cacisanu, ndico coposa zonse: tsiku limene mwana alowa, ayambe pomwepo kukonza za tsiku lobwerera kwao, ndipo atabwerera adzimuyendera. Nyumba imene isunga mwana bwino koma niiwala njira ya kumudzi kwace yacita theka la nchito, ndipo yamsandutsa mlendo pakati pa abale ace.

Apa mpamene mlandu utembenukira kwa ife eni mudzi. Ngati mwana adzabwerera, adzapeza nyumba yotani? Tifunse cimene cinaika mai uja pa mphika wa kacasu. Ambiri aphika kuti apeze sopo, mcere ndi zofunika za ana a sukulu. Ena amwa cifukwa ca cisoni, kapena cifukwa mwamuna awamenya. Kumuuza kuti leka, osamsonyeza pena pogwira, ndiko kumuuza agone ndi njala. Dziko lathu lino libala mbatata ya kacewere ku Tsangano, ndi kabichi ndi tomato zodzaza msika wa Lizulu. Kodi mpingo sungathe kumbwereka mai mmodzi mpamba wa dengu limodzi? Amai a Cigwirizano ndi a Mvano sangagawane masiku omuyendera, ndi kumperekeza ku cipatala kuti akathandizidwe kuleka? Pakuti munthu amene mowa wamgwira kwambiri akaleka mwadzidzidzi akhoza kudwala koopsa, ndipo afunika anamwino. Atsibweni, amene muli eni mbumba, udindowu ndi wanunso. Ndipo ife amuna tisaloze cala, pamene ndife ogula kacasuyo.

Mwambo wa mpingo uli ndi malo ace. Koma ticenjere kuti tingalange mwa njira yakuti mai wakumwa abise mimba yace, naopa kupita ku sikelo. Tsiku liri lonse limene aleka kumwa ali ndi pakati lipindulira mwana, ngakhale miyezi yapita kale. Mkazi wonyozedwa abisala, wolandiridwa aulula. Mwana wamkazi wa Farao atatola Mose m'madzi sanamlande bere la amace. Anamlipira maiyo kuti amuyamwitse. Kodi ife tidzaposedwa cifundo ndi wa m'nyumba ya Farao?

Wina adzati, Nanga mai akakana kuleka? Pamenepo mwana asasiyidwe m'manja mwace yekha. Apite kwa agogo ace, kapena kwa amai ace aang'ono, kapena ku banja lina lokhulupirika limene Boma labvomereza. Nyumba ya makanda ikhale yotsiriza, ndi ya kanthawi. Koma ngakhale pamenepo maiyo asatayidwe, pakuti akhoza kudzaimanso caka camawa, ndipo mwana wina adzalandira bala lomwelo.

Mlandu wathu uja unatha motere. Khanda linayamba lagona masiku angapo ku cipatala; tsopano liri kwa agogo ace, wa Boma atadziwitsidwa. Amace abwera m'mawa uli wonse, ndipo aliyamwitsa akakhala kuti sanamwe, monga anawalangiza anamwino. Masiku ena sabwera. Amai awiri a mumpingo asinthana kukawatenga. Ngati adzapambana sitidziwa. Koma sabata yathayi sikelo inakwera pang'ono. Abale a m'midzi ina, mumacita bwanji kwanuko? Tilembereni.

Mphunzitsi, Ncheu.