Ndani Anaona Dzuwa Likulowa?

SABATA MASANA

Vesi loloweza: Masalmo 104:23.

Pafupi ndi Golomoti pali munda umene sulimidwa chimanga kapena thonje. Mizere yake ndi ya magalasi oyang'ana kumwamba, ndipo chimene amakolola ndi kuwala kwa dzuwa. Makampani a JCM Power ndi InfraCo Africa anatsegula malowa m'chaka cha 2022. Amatulutsa magetsi okwana mamegawati 20 amene amalowa mu nthambo za ESCOM, ndipo pambali pake pali mabatire aakulu okhoza kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Thandizoli linafika pa nthawi yake, pakuti mu Januwale chaka chomwecho namondwe wa Ana anali atawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, magetsi nayamba kuzimazima m'dziko lonse.

Tiyenera kuyamika Mulungu chifukwa cha nzeru yotere. Mayi wobereka usiku kuchipatala ndi mwana wowerengera mayeso adziwa ubwino wa nyali. Koma sabata ino tifuna kudzifunsa funso losautsa. Magalasi aja amayang'ana dzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Nanga ife, amene Sabata lathu limayamba ndi kulowa kwa dzuwa, tinatsiriza liti kuliona likulowa ndi maso athu?

TSIKU LOYAMBA: Tsiku lili ndi malire

Werengani Genesis 1:14-19 ndi Masalmo 104:19-23. Kodi zounikira za kumwamba zinapatsidwa ntchito yanji kuwonjezera pa kuwalitsa?

Wolemba Salmo aona dziko lokhala ndi dongosolo la kusinthana. Mdima ukagwa zilombo zituluka kukafuna chakudya chawo. Kukacha zibwerera kumapanga, ndipo munthu atenga khasu lake. Koma ntchito ya munthuyo yaikidwa malire, ndiwo madzulo. Malire amenewa sanaikidwe ngati chilango. Anaikidwa uchimo usanalowe, monga mpanda wotchinjiriza moyo.

Makolo athu a kuno kuchigwa analibe wotchi, koma sankasochera pa nthawi. Ankadziwa mbandakucha, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, ndi chisisira. Ankadziwa kuti mwera ukawomba bwato lisapite patali, ndi kuti mpoto ukayamba mbewu zikhale pafupi. Tisawayese angelo ayi: ankavutika ndi njala, ndi malungo, ndi ulendo wapansi. Koma chinthu chimodzi sankachiiwala, chakuti moyo wawo unali wolandira kuchokera kwa wina wamkulu kuwaposa.

TSIKU LACHIWIRI: Njerwa za Farao

Werengani Eksodo 5:1-14. Mose atapempha kuti anthu apite kukapembedza, kodi Farao anayankha ndi chiyani?

Taonani kuti Farao sanatsutsane ndi Mose pa za chiphunzitso. Iye anangowonjezera ntchito. Anawalanda udzu, nasiya chiwerengero cha njerwa chili chomwecho, kuti munthu akafika kunyumba asakhale ndi mphamvu yolingalira za Mulungu wa makolo ake. Nzeru imeneyi ndi yakale, ndipo sinafe ndi Farao.

Njanji yodutsa pa Golomoti inafika ku Salima m'chaka cha 1935. Sitima sifunsa ngati mvula yagwa kapena mpunga wacha, imayendera wotchi. M'zaka zotsatira amuna zikwizikwi a dziko lino analembedwa ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, kumene munthu ankatha kutsikira pansi kusanache n'kutuluka dzuwa litapendeka kale. Kulemba kumeneku kunaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70. Koma ulendo wa ku Joni sunathe, ndipo ambiri a ife tili ndi mwana kapena mlongo amene amatiimbira foni usiku chifukwa usana wake wonse ndi wa bwana.

Otsala kuno nawonso ali ndi njerwa zawo. Mnyamata wa kabaza amene njinga yamoto si yake ayenera kupeza ndalama ya mwini njinga asanapeze ya ufa. Mayi wa pa kauntala ya Airtel Money kapena Mpamba aopa kutseka msanga, kuti makasitomala angazolowere kwa mnzake. Mphunzitsi ndi kalaliki kale ankasiya ntchito pa ofesi. Lero ntchito imawatsata m'thumba kufikira kuchipinda chogona. Anthu amenewa si aulesi pa zauzimu, ndipo tisafulumire kuwaweruza. Ambiri akufinyidwa ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Komabe tiyenera kunena zoona: munthu akhoza kugwira ntchito zaka khumi, nadyetsa banja, koma osapeza ngakhale ola limodzi lofunsa chimene iye analengedwera.

Lingalirani Mlaliki 4:6-8. Kodi munthu wotchulidwa pamenepo analephera kudzifunsa funso liti?

TSIKU LACHITATU: Mana ndi mabatire

Werengani Eksodo 16:14-30.

Atatuluka ku Aigupto, ana a Israyeli anali mfulu m'thupi koma mitima yawo inali ikadali ya kuumba njerwa. Mulungu anawaphunzitsa ndi chakudya chimene sichinkasungika. Mana ankatoledwa m'mawa. Dzuwa likatentha ankasungunuka. Amene anabisa ena kuti adye mawa anapeza mphutsi ndi fungo loipa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi limene anatola miyeso iwiri, ndipo sanawonongeke. Kwa zaka 40 mtundu wonse unkadzuka ndi kuyang'ana pansi ndi kumwamba kuti udziwe ngati udya.

Kusunga si tchimo. Yosefe anasunga tirigu wa zaka 7, ndipo nkhokwe ya m'mudzi ndi nzeru yochokera kwa Mulungu. Mabatire a pa Golomoti ndi nkhokwe ya kuwala, ndipo kasola kakang'ono ka pa denga lathu kachita chomwecho. Ngozi ili pa chimene timachita ndi maola amene tawonjezera. Nyali inatipatsa madzulo aatali. Kodi madzulowo tinawapereka kwa ana athu, kwa Mawu a Mulungu, kwa odwala? Kapena tinangowagawa pakati pa ntchito yowonjezera ndi galasi la foni? Tivomereze kuti m'nyumba zambiri za okhulupirira anthu asanu amakhala pa mkeka umodzi, aliyense atawerama pa WhatsApp kapena Facebook, mwezi uli mbee panja popanda woupenya. Nthano za kumadzulo zinatha mwakachetechete, popanda wozichitira maliro.

TSIKU LACHINAYI: Kulima ndi kusunga

Werengani Genesis 2:15 ndi Mateyu 6:26-30.

Ntchito yoyamba ya munthu inali ndi mbali ziwiri, kulima munda ndi kuuyang'anira. Munthu sasamala chinthu chimene sachipenya. Agogo ankasiya mtengo wa msangu pakati pa munda chifukwa anali ataupenyetsetsa: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene mitengo ina ikuphuka, motero suphimba chimanga, ndipo masambawo amasanduka manyowa. Mwana amene sanauzidwe zimenezi aona nkhuni chabe. Matumba a makala amene timawaona m'mbali mwa msewu wa M5 akutiuza za umphawi, inde, koma akutiuzanso za maso amene aleka kuona nkhalango ya Mua-Livulezi ngati chosungitsidwa ndi Mwini wake. Ndipo mitengo ikatha kumapiri, mitsinje ya Livulezi ndi Namikokwe imatsika ndi mchenga, alimi a mpunga a ku Bwanje nalira.

Yesu sanauze ophunzira ake kuti aganize za mbalame, koma kuti aziyang'ane. Kodi mungatchule mayina a mbalame zisanu zimene zimalira pafupi ndi nyumba yanu? Nanga ana anu?

TSIKU LACHISANU: Zipata ndi ogulitsa nsomba

Werengani Nehemiya 13:15-22, Levitiko 23:32 ndi Deuteronomo 5:12-15.

Nkhani iyi ndi yathu ndithu, ife a kufupi ndi nyanja. Amalonda a ku Turo ankalowetsa nsomba mu Yerusalemu pa Sabata, ndipo anthu ankagula. Nsomba siidikira, aliyense amene anagulapo usipa wauwisi adziwa chifukwa chimene amalondawo akanapereka. Nehemiya sanayembekeze kuti mitima isinthe yokha. Mithunzi itayamba kugwa pa zipata Sabata lisanalowe, iye analamula kuti zitseko zitsekedwe, naika alonda.

Onani chimene chinali chizindikiro chake: mthunzi. Mulungu sanamangirire Sabata ku belu la kachisi kapena ku lamulo la mfumu, koma ku chinthu chimene mfumu singachifulumizitse ndipo wosauka salipira kuti achione. Kuno kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 5:20 mu Juni, ndi cha m'ma 6:15 mu Januwale. Wosunga Sabata amakakamizika kudziwa nyengo, chifukwa ola lake limasuntha ndi chaka. Lero ambiri timangoona nthawiyo pa foni kapena pa chilengezo cha kutchalitchi. Palibe cholakwa pamenepo, koma titaya kanthu ngati tilandira Sabata osatukula mutu kuyang'ana kumapiri a kumadzulo.

Chipata cha masiku ano chili m'manja mwathu. Msika wonse wa Turo umalowa m'nyumba kudzera pa foni, ngakhale pakati pa ulaliki, pamene tikunena kuti tikuwerengapo Baibulo. Ndipo Deuteronomo atikumbutsa kuti mpumulowo si wathu wokha: ndi wa wantchito, wa mlendo, wa ng'ombe yokoka ngolo. Mkulu wa mpingo amene akhala pa benchi la kutsogolo pamene njinga yake ikunyamula anthu pa msewu wopita ku Monkey Bay, iye watseka chipata cha kumaso n'kusiya cha kuseri chili pululu.

TSIKU LOKONZEKERA

Lero, ntchito zikatha, tulukani panja ndi a m'banja mwanu dzuwa lisanabisike kuseri kwa mapiri. Mafoni atsale m'nyumba. Werengani pamodzi Marko 6:30-32, ndipo mufunse wamkulu wa pakhomo atchule mitengo ndi mbalame zimene akuziona. Mawa mudzauze kalasi chimene munaona.

Mafunso okambirana m'kalasi:

1. Mbale wathu wa kabaza auzidwa ndi mwini njinga kuti akapuma pa Sabata aibweze. Kupatula kumupempherera, kodi mpingo wathu ungamuchitire chiyani mwezi uno?

2. Namwino ndi mlonda wa kuchipatala amagwira ntchito usiku ndi pa Sabata pomwe. Kodi tingawathandize bwanji kuti nawonso apeze madzulo awo?

3. Ndani pakhomo panu amene amapitiriza kugwira ntchito inu mutayamba kale kupuma?