PAMENE MWANA AYAMBA KUTALIKIRA

Werengani Luka 2:41-52 ndi 1 Samueli 2:18, 19.

Pali chisoni china chimene makolo sachitchula kawirikawiri, ngakhale pa msonkhano wa mapemphero, pakuti chimaoneka chaching'ono pochiyerekeza ndi matenda kapena maliro. Mwana amene kale ankalirira kutsagana nafe kumsika ndi kumunda, pofika zaka 13 kapena 14 ayamba kuyenda patsogolo pathu kapena kutsalira m'mbuyo. M'tchalitchi sakhalanso pambali pathu. Tikamfunsa za kusukulu, ayankha ndi liu limodzi. Palibe choipa chimene tingachiloze ndi chala. Iye angofuna kukhala nafe nthawi yochepa. Pamenepo mtima uyamba kufunsa: kodi mwana alibe mangawa a nthawi yake kwa iwo amene anam'bala ndi kumlera? Kodi kutalikira kumeneku si chiyambi cha kusamvera?

Lamulo lachisanu lifuna kuti mwana alemekeze atate wake ndi amake. Koma kulemekeza ndi kukhala pafupi nthawi zonse si chinthu chimodzi, ndipo ambiri a ife timazisokoneza ziwirizi mtima ukamawawa.

Tiyeni tilingalire za banja la ku Nazarete. Yesu anali wa zaka 12 pamene anapita ndi makolo ake ku Paskha ku Yerusalemu. Pobwerera, Yosefe ndi Mariya anayenda tsiku lathunthu osamuona, nayesa kuti ali pakati pa abale ndi anansi a paulendowo. Zindikirani kuti tsiku lonselo sanade nkhawa; mnyamata wa msinkhu umenewo sanayembekezedwe kugwira chovala cha amake. Atapita masiku atatu anampeza m'Kachisi, ali pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kufunsa mafunso. Mau oyamba a Mariya anali a mayi wopwetekedwa mtima: iye anaona chinthucho monga chochitidwa kwa iye ndi kwa Yosefe. Ife tonse timatero. Mwana akatseka chitseko, timamva ngati watitsekera ife, pamene iye mwina sakuganiza za ife konse, koma za funso lalikulu lakuti iye ndani ndipo moyo wake ngwa chiyani. Yesu anawalozera kwa Atate wake wa Kumwamba, ndipo Luka sabisa kuti makolowo sanamvetse. Komabe Mnyamata yemweyo anatsika nawo ku Nazarete nawamvera.

Ana athu sali opanda tchimo monga Iye, ndipo sitinena kuti mwana aliyense wochedwa kubwera kunyumba ali m'Kachisi. Koma ngati Mwana wosachimwa anamvetsa amake kuwawa kotere, ndiye kuti kuwawa kwa mtima wa kholo pakokha si umboni wakuti mwana walakwa.

Makolo athu akale anachidziwa ichi, nachikonzera malo. M'mudzi, mwana akasinkhuka sankagonanso m'nyumba ya makolo ake. Anyamata ankapita ku mphala kapena ku gowelo, atsikana ku kuka kwa agogo. Palibe mayi amene ankalira kuti mwana wamkana, pakuti mtunda umenewo unali woikidwa ndi mwambo, ndipo mwanayo ankakhalabe m'maso mwa agogo, a malume ndi mudzi wonse. Lero ambiri a ife tikhala m'nyumba za zipinda ziwiri ku Ndirande kapena ku Kawale, agogo ali kutali kumudzi, ndipo pabwalo palibe malo omangapo gowelo. Koma chimene chinkafuna gowelo mwa mwanayo sichinathe. Chifukwa chake adzimangira lake ndi zimene ali nazo: kukhala chete, foni ya m'manja, anzake a kusukulu. Kusiyana kwake nkwakuti m'gowelo latsopanoli mulibe wamkulu wosuzumiramo. Funso lotiyenera tsono si lakuti tingambwezere bwanji pamiyendo pathu, koma lakuti ndi akulu ati okhulupirika amene ali pafupi naye kumene wapitako. Ngati mwana wathu aulula zakukhosi kwa mphunzitsi wake wa Sukulu ya Sabata kapena kwa azakhali ake koposa kwa ife, tisachite nsanje. Tiyamike.

Kholo lopwetekedwa lili ndi mayesero awiri. Loyamba ndilo kuumiriza: mafunso osatha, kufufuza m'thumba, kutalikitsa mapemphero a m'banja kuti akhale chidzudzulo. Akulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika. Lachiwiri ndi lobisika, ndipo tiliyesa loopsa koposa: kubwezera. Popeza iye satifuna, ifenso tileka kumfuna, ndipo kunyanyala kwathu tikutcha kumpatsa ufulu. Abisalomu anakhala zaka ziwiri zathunthu mu Yerusalemu osaona nkhope ya atate wake Davide (2 Samueli 14:28), ndipo tidziwa chimene chinakula mumtima mwake pambuyo pake. Mwana aloledwa kutalikira chifukwa akukula. Ife tilibe chifukwa chotero. Kudziwa kumene ali, amene ali naye, ndi nthawi imene abwere, ndi udindo wathu ndithu, ngakhale iye akwinye nkhope. Eli anatsutsidwa chifukwa sanaletse ana ake (1 Samueli 3:13).

Tichenjerenso pa ichi: mwana wotalikira makolo koma wosekabe ndi anzake ali m'njira ya kukula. Koma wotalikira anthu onse, wosiya kudya, wosagona, kapena wolankhula za imfa, ameneyo akudwala mumtima, ndipo tifulumire kumtengera kwa achipatala.

Nanga ndi chisoni chathucho tichite nacho chiyani? Hana anampereka Samueli ku Silo akali wamng'ono kwambiri, ndipo ankapitako chaka ndi chaka pa nthawi ya nsembe, atamsokera mwinjiro waung'ono. Mayi aliyense wodziwa singano azindikira vuto la Hana: muyeso wa chaka chatha sukanamkwananso mwanayo. Anayenera kusokera mnyamata amene sanamuone miyezi yambiri, kulingalira m'mene mapewa akulira ndi m'mene miyendo yatalikira. Ambiri a ife tikali kubwera kwa mwana wa zaka 16 ndi malaya a mwana wa zaka 9: nkhani zomwezo, nthabwala zomwezo, malamulo omwewo, ndipo akakana kuvala tiyesa kuti wakana chikondi chathu. Mwina akadatsegula pakamwa tikadamfunsa maganizo ake pa nkhani ya m'banja, kapena tikadakhala naye phee pokonza njinga kapena potokosa chimanga, osamuyang'ana m'maso.

Kambiranani m'kalasi: Ndi liti pamene munamyesa komaliza mwana wanu, ndipo ndi chiyani chimene munapeza kuti chamthina?