Mwana wa mnzako ngwako yemwe

Mwambi wakuti "mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye" unabadwira m'mudzi, momwe wamkulu aliyense ankadyetsa ndi kulangiza mwana wa wina, koma umagwira ntchito ngakhale m'makoleji, kumene ophunzira ndi akuluakulu ndipo ena ndi makolo kale. Ambiri amangogwira mbali yoyamba, ya chifundo, chonsecho nzeru yagona kumapetoko, pakuti kuchenjera manja ndi luso lolera mosamala, ndipo kudya naye ndi phindu lobwerera kwa wolerayo patapita zaka.

Ku Chileka kuli koleji ya Chilangoma, imene bungwe la DAPP linatsegula mu 2003 kuti isule aphunzitsi a sukulu zakumidzi, amene akhala akusowa kwambiri chichotsereni fizi ku pulayimale mu 1994. Wophunzira wa ku Mdeka kapena ku Lirangwe, amene mwina anadzera sekondale yoyendera yopanda mabuku okwanira, amafika pa koleji yotere akuchita manyazi ndi Chingerezi chake, ndipo kukhala chete kwake ena amakuyesa ulesi. Mphunzitsi wochenjera manja amamudziwa dzina, amayamba wafunsa chimene chamujombetsa asanamudzudzule (kawirikawiri amakhala maliro, matenda kapena fizi), ndipo pobweza ntchito yolemba sangoikapo malikisi, koma amasonyeza pamene ganizo linakhotera.

Lusoli limaonekera bwino pa miyezi imene wophunzira amatumizidwa kusukulu ya pulayimale kukayesera kuphunzitsa. Mphunzitsi wa kukoleji amakhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo phunziro la masamu likasokonekera samudula mawu pamaso pa ana, koma amadikira belu, n'kuyamba ndi zimene zayenda bwino asanatchule zolakwika. Woleredwa chotere akadzalembedwa ntchito ku Mdeka amadzaphunzitsa ana mofananamo, mwinanso ena mwa anawo ali abale a mphunzitsi wake, ndipo kudya kumene makolo ankanena n'kumeneko.

Mwambiwu sulola kulekerera, chifukwa kholo silinamiza mwana wake kuti wakhoza pamene walephera, ndipo malikisi aulere amangokavutitsa ana amene wophunzirayo adzawaphunzitse. Sulolanso kudya msanga. Mphunzitsi wopempha ndalama kapena chibwenzi kuti akhozetse wophunzira amadalira mantha a munthu amene tsogolo lake lili m'manja mwake, ndipo ophunzira ena akazimva amaleka kufunsa mafunso m'kalasi kapena kugogoda pa ofesi yake.