Kodi Nkwabwino Kuti Banja Lidalire Bambo Yekha?

Anthu ambiri amati popeza bambo ndiye mutu wa banja, iye yekha ndiye ayenera kupeza ndalama, ndipo mkazi azingolandira zimene wapatsidwa. Tiyeni tiwaganizire bwino mawu amenewa, pakuti akhudza moyo wa ana athu.

Kuno ku Nkopola ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, amuna ambiri amapeza ndalama pa usodzi kapena popita ku Joni. Njira ziwiri zonsezi nzosadalirika. Mwera ukaomba masiku angapo, bwato silipita pamadzi, ndipo pakhomo pamasowa ndiwo. Za ku Joni makolo athu adaziona ndi maso. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi adafa. Boma lidaletsa kulemba anthu opita ku migodi, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera kwawo. Mabanja amene ankayembekeza ndalama za bambo yekha adasauka, ngakhale bamboyo sadalakwe kanthu.

Tsono tione mkazi. Iye amalima, amatunga madzi, amatola nkhuni, amayanika usipa ndi kulera ana. Ntchito zimenezi ndi chuma ndithu, kungoti palibe amene amamulipira. Kodi nchilungamo kunena kuti munthu wotere amadyetsedwa? Ngati onse awiri akhetsa thukuta, onse awiri ayenera kudziwa ndalama zimene zalowa m'nyumba ndi kupangana za kagwiritsidwe kake.

Ena adzati, "Mkazi akagwira ndalama zake amayamba mwano." Nzoona kuti ndalama zimaononga anthu ena, koma zimatero kwa amuna ndi akazi omwe. Ulemu umene mkazi apereka chifukwa choopa njala ndi mantha chabe, ndipo umatha tsiku limene ndalama zatha. Mwamuna wokoma mtima amalemekezedwa ngakhale ukonde utabwera wopanda nsomba.

Malamulo a dziko lathu nawonso avomereza zimenezi. Lamulo la m'chaka cha 2011 limaletsa kulanda chuma cha masiye, ndipo la m'chaka cha 2013 limati amuna ndi akazi apatsidwe mwayi wofanana pa maphunziro ndi pa ntchito. Koma mayi wosadziwa kuwerenga angathe kunyengedwa ndi kalata imene wadindapo chala chake.

Chifukwa chake, inu abambo, lolani akazi anu aphunzire ndi kuchita malonda. Musachotse mwana wamkazi pa sukulu kuti mlongo wake yekha apitirize. Inu amayi, limbikirani kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo phindu lanu lithandize banja lonse. Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Bambo wokonda ana ake amakonzeratu kuti iwo adzadye ndi kuphunzira ngakhale iye atadwala, ntchito itatha, kapena atamwalira.