Phunziro: Kulima ndi Kusunga Nthaka

Kuŵerenga: Genesis 2:15

Aphunzitsi, funsani ana ngati anaonapo sitima ya malasha ikudutsa pa Liwonde. Malashawo achokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kumene mgodi waukulu wokumba kuchokera pamwamba unayamba kutulutsa malasha mu 2011. Okumba amayamba achotsa udzu, mitengo ndi nthaka yachonde. Kumeneko mvula ndi yochepa, choncho udzu sumeranso msanga. Fumbi limagwera pa msipu ndi m'madzi. Mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa, ambiri kunka ku Cateme, nasiya minda yao.

Longosolani kuti Mulungu anapatsa Adamu ntchito ziŵiri: kulima ndi kusunga. Wokumba ayenera kubwezera nthaka ndi kubzalanso udzu. Potsiriza afunseni: nanga ife kuno ku Mangochi, tikatha kuumba njerwa, maenje aja amakwirira ndani?