Mayi Amene Anthu Ankati Ali ndi Moto M'mimba

Padangokhala!
Tili tonse!

Pamudzi wina panali mayi wina amene ankataya magazi mosalekeza. Atapita kuchipatala, anamupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo anamutumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda.

Kumeneko anayamba kumuwotcha chotupacho ndi cheza chochokera m'makina a kunja kwa thupi. Kenako dokotala anati: "Mayi, tsopano tiwotcha kuchokera m'kati, njira yotchedwa brachytherapy. Tikupatsani mankhwala oti musamve ululu, n'kulowetsa timapaipi mpaka pachotupapo. Makina adzatumiza m'timapaipimo kachitsulo ka iridium, kochepa ngati kambewu ka mpunga. Cheza chake n'champhamvu pafupi koma chimafooka msanga chikatalikira, choncho chikhodzodzo ndi matumbo sizivulala kwambiri. Pakatha mphindi zochepa, kachitsuloko kadzabwerera m'makina."

Anatero maulendo angapo, magazi aja n'kusiya.

Atabwerera kumudzi, mlamu wake anayamba kunong'oneza anthu pamjigo kuti: "Amene uja amusiya ndi moto m'mimba. Mukamuyandikira simudzaberekanso." Basi, nsima yake anthu ankangoiyang'ana, mphasa yake n'kumailambalala, ana akathamangira kwa iye n'kumawakoka dzanja. Iye ankati, "Abale anga, m'thupi mwanga simunatsale kanthu," koma panalibe womumvera.

Patapita chaka, mlamu uja nayenso anayamba kuona magazi masiku osayenera. Kuti apite kuchipatala? Ankaopa moto womwe anaupeka yekha. Ankachapa nsalu zake usiku n'kuziyanika m'nyumba, uku thupi likutha.

Tsiku lina ali kudimba, mayi wosalidwa uja anamuona akulephera kunyamula khasu.

"Alamu, nkhope imeneyi ndikuidziwa. Mwayamba liti?"

Mlamuyo anagwetsa misozi. "Ndinakunenerani zoipa. Mungandiperekeze inuyo?"

"Mawa tilawirire. Matendawa sadikira kuti anthu ayambe apepesana."

Atafika kuchipatala, naye anamupeza ndi khansa. Madokotala anati akanachedwa pang'ono, khansayo ikanafalikira. Naye analandira chithandizo chomwecho. Atabwerako anaima pamjigo pomwe paja n'kuulula bodza lake, ndipo amayi ambiri anapita kukayezetsa.

Phunziro: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bodza lonena za mankhwala limatsekera njira ya kuchipatala, ndipo woyamba kutsekeredwa angakhale mwini bodzalo.

Nthano yathera pomwepa.